Barbara Jordan: anagwa kawiri, anapambana malire a dera atasintha

Wapampando wa mwambo uno, mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi zipembedzo, aphunzitsi amene mwatsogolera maphunzirowa, ndi inu amayi amene lero mukulandira masatifiketi mutaphunzira za kuima pa chisankho, ulemu wanu nonse.

Pa mwambo wotere mlendo amayamikira, amalimbikitsa, kenako n'kukhala pansi. Koma amayi amene akukonzekera kukapempha voti pamaso pa anthu akufunika zoposa mawu okoma. Choncho mawu a lero akhala pa munthu mmodzi ndi mavoti ake, amene anamugwetsa ndi amene anamukweza. Munthuyo ndi Mayi Barbara Jordan, amene anali seneta m'chigawo cha Texas ku America.

Ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, kuwonjezera pa ya dziko lonse ya ku Washington. Ya Texas imakumana mumzinda wa Austin, kamodzi pa zaka ziwiri, masiku osapitirira 140. Ili ndi zipinda ziwiri: cha aphungu 150 ndi Seneti ya anthu 31. Ena muno akukumbukira kuti malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 ankatchulanso Seneti, koma aphungu anaichotsa mu 2001 isanakumane n'kamodzi komwe.

Mayi Jordan anabadwa pa 21 February 1936 ku Fifth Ward, dera la anthu akuda mumzinda wa Houston. Bambo awo ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo ankalalikira mumpingo wa Baptist. Inali nthawi ya tsankho lolembedwa m'malamulo: sukulu za azungu pazokha, za akuda pazokha. Iwo anaphunzira ku Phillis Wheatley High School, kenako ku Texas Southern University komwe anatchuka pa mipikisano ya mtsutso, ndipo mu 1959 anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Boston University. Atabwerera ku Houston, ntchito ya uloya anayambira patebulo lodyera la makolo awo, chifukwa ndalama ya lendi ya ofesi inalibepo. Makasitomala anali ochepa, nthawi inali yambiri, ndipo mu 1960 anadzipereka kuthandiza kampeni ya upulezidenti ya John Kennedy ndi Lyndon Johnson. Anayamba ndi kumata maenivulopu. Posakhalitsa anali kukonza anthu oyenda khomo ndi khomo m'madera a anthu akuda, ndipo akuluakulu a chipani atamva mawu awo pamsonkhano, anawachotsa pa maenivulopu n'kuwapatsa nsanja.

Mu 1962 anabwereka madola 500 olipirira kulembetsa, n'kuima pa chisankho chachipulula cha chipani cha Democratic, kufuna mpando wa uphungu. Masiku amenewo ku Texas wopambana chipulula cha chipanichi ndiye anali atapambana kale, popeza chipani cha Republican chinalibe mphamvu. Kulikonse komwe ankalankhula anthu ankaimirira n'kuwomba m'manja. Mavoti atawerengedwa, iwo anapeza pafupifupi 46,000, ndipo mnzawo wopikisana naye, loya wachizungu Willis Whatley, anapeza pafupifupi 65,000. Mu 1964 anaimanso. Mavoti anakwera, koma anagwanso kwa munthu yemweyo.

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa ambiri akamafotokoza mbiri imeneyi amathamangira kunena kuti mayiyu anali wopirira, ngati kuti kupirira ndiko kunasintha zotsatira. Zoona zake n'zakuti akanatha kuima kakhumi n'kugwa kakhumi. Vuto linali pa kadulidwe ka madera. Aphungu onse a Harris County, boma limene muli mzinda wa Houston, ankasankhidwa ndi boma lonselo pamodzi, osati dera ndi dera. Anthu akuda ankatha kuvotera Mayi Jordan onse ngati munthu mmodzi, koma mavoti awo ankasungunuka ngati mchere wothira m'nyanja, chifukwa azungu anali ochuluka kwambiri ndipo ambiri sanali okonzeka kuvotera mkazi wakuda. Pamwamba pa izo panali msonkho wa voti: munthu ankalipira mpaka $1.75 pachaka kuti aloledwe kuvota, ndipo wosauka ankasankha kugula chakudya.

Zimene zinasintha zinachokera kukhoti. Mu 1964, pa mlandu wa Reynolds ndi Sims, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti madera a nyumba za malamulo za zigawo akhale ndi chiwerengero cha anthu chofanana, kuti voti ya wam'tauni ilemere mofanana ndi ya wakumudzi. Texas inakakamizika kudulanso malire, ndipo Harris County, imene inali ndi seneta mmodzi yekha ngakhale munali anthu oposa miliyoni, inapatsidwa mipando yowonjezera. Kumayambiriro kwa 1966 khoti linathetsanso msonkho wa voti wa ku Texas. Dera latsopano la nambala 11 linaphatikiza Fifth Ward, anthu ochokera ku Mexico, ndi azungu a m'mabungwe a anthu apantchito. Mayi Jordan anatenga mapu atsopanowo n'kuwafananiza ndi zotsatira za 1962 ndi 1964, ndipo anaona kuti malo ambiri amene anawavotera kale tsopano agwera m'dera limodzi. Anasiya za uphungu n'kuloza ku Seneti.

Kunonso malire amasuntha. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linawonjezera madera a aphungu kuchoka pa 193 kufika pa 229 pokonzekera chisankho cha 2025, ndipo mudzi umene dzulo unali kumapeto kwa dera lina lero ukhoza kukhala pakati pa dera latsopano. Mayi amene akufuna kuima ayenera kudziwa mapu a dera lake ndi zotsatira za senta iliyonse yovotera, asanagule nsalu ndi matisheti.

Pa chipulula cha 1966 Mayi Jordan anakumana ndi J. C. Whitfield, mzungu amene anali kale phungu, ndipo anamugonjetsa ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Mu January 1967 analumbira. Anali munthu wakuda woyamba kukhala mu Seneti ya Texas kuchokera mu 1883, pamene Walter Burton anachokamo, komanso mkazi wakuda woyamba m'mbiri yonse ya nyumbayo. M'chipindamo munali amuna 30 ndi iwo.

Maseneta anachita maere kuti adziwe amene akhale zaka zinayi ndi amene akhale ziwiri, ndipo iwo anatola ziwiri. Mu 1968 anaimanso, osapezeka wopikisana nawo.

Zimene anachita mkati mwa nyumbayo ndizo zimasiyanitsa maganizo a anthu mpaka lero. Ambiri ankayembekezera kuti adzalowa ndi mkwiyo, kudzudzula tsankho tsiku lililonse. Iwo anayamba ndi kuphunzira malamulo oyendetsera zokambirana, ndipo anawadziwa bwino moti ngakhale akhalakale a m'nyumbayo anasiya kuwayesa. Panali lamulo limodzi limene linkalamulira zonse: kuti bilu ifike pokambidwa, pankafunika mavoti a maseneta awiri mwa atatu, kutanthauza 21 mwa 31. Choncho anthu 11 okha ankatha kutsekereza bilu iliyonse, ndipo wofuna kudutsitsa yake ankayenera kupeza anzake 20, ambiri mwa iwo amuna amene anakulira m'tsankho ndipo sanawonepo cholakwika. Mayi Jordan ankacheza nawo, ankamva zimene madera awo akufuna, ankawathandiza pa mabilu awo n'kudzawakumbutsa tsiku lofunika. Chaka choyamba chisanathe, anzawo anawatcha seneta watsopano wochita bwino koposa. Anakhala wapampando wa komiti yoona za apantchito ndi olemba ntchito. Anali patsogolo pomenyera lamulo loyamba la Texas la malipiro otsikitsitsa, komanso kukweza chipukutamisozi cha anthu ovulala pantchito. Malipirowo anali ochepa, $1.25 pa ola, ndipo ena ankati n'chipongwe. Koma lisanabwere lamuloli Texas inalibe mlingo wake uliwonse.

Pa 10 June 1972, monga mtsogoleri wogwirizira wa Seneti, anakhala bwanamkubwa wa Texas kwa tsiku limodzi, malinga ndi mwambo wa kumeneko. Bambo awo anadwala mwadzidzidzi pa chikondwererocho, ndipo anamwalira mawa lake.

Njira yawo inali ndi mtengo wake, ndipo si bwino kuibisa. Mu 1971, atawerengedwa anthu, Texas inadulanso malire, ndipo Mayi Jordan anali wachiwiri kwa wapampando wa komiti imene inakonza madera a aphungu opita ku Washington. M'menemo munatuluka dera la nambala 18, pakati pa Houston, lowayenera bwino lomwe. Nthawi yomweyo dera lawo lakale la Seneti linaduladulidwa. Curtis Graves, phungu wakuda amene analowa m'nyumba ya malamulo chaka chimodzi ndi iwo, anawanena poyera kuti agulitsa mpando wa anthu akuda kuti adzipezere wawo, ndipo anaima kupikisana nawo pa chipulula cha 1972. Anthu anapatsa Mayi Jordan mavoti 80 mwa 100 alionse, ndipo pa chisankho chachikulu 81. Komabe dandaulo la Graves silinali lopanda pake: iwo atachoka, Seneti ya Texas inakhala yopanda munthu wakuda mpaka 1983, pamene Craig Washington analowa. Zaka khumi zimenezo n'zofunika kuziwerengera limodzi ndi zabwino zawo.

Za ku Washington zimadziwika kwambiri. Mu July 1974 dziko lonse linawamvera pa wailesi yakanema akulongosola chifukwa chake Pulezidenti Richard Nixon ayenera kuyankha milandu yotchedwa Watergate. Mu 1975 analimbikira kuti lamulo loteteza ufulu wovota lifike ku Texas ndi kwa anthu olankhula Chisipanishi. Anapambananso mu 1974 ndi mu 1976, ndipo anasankha okha kusaimanso pa chisankho cha 1978, n'kupita kukaphunzitsa ku University of Texas ku Austin, matenda a multiple sclerosis atayamba kuwafooketsa. Mu 1994 Pulezidenti Bill Clinton anawapatsa mendulo ya Presidential Medal of Freedom. Anamwalira pa 17 January 1996 ali ndi zaka 59, ndipo anaikidwa ku Texas State Cemetery, manda a akuluakulu a chigawocho, komwe kunali kusanaikidwepo mkazi wakuda.

Wapampando, amayiwa akhala nthawi yaitali ndipo masatifiketi ali patebulo. Maphunzirowa atsekedwa tsopano, ndipo mayina ayambe kuitanidwa.