Kapitao Amene Abweza Nsomba M'madzi

Mwezi wa November, pamene mvula iyamba kugwa ku Copperbelt, ku gombe la kum'mawa la dziko la America kuyamba cisanu. Masamba a mitengo ayoyoka, ndipo madzi a nyanja yamcere ya Atlantic azizira tsiku ndi tsiku. Imeneyi ndi nyengo imene asodzi a kumeneko aiyembekeza caka conse, cifukwa ca nsomba ina dzina lace striped bass, ndiko kunena nsomba ya mizere, pakuti m'nthiti mwace muli mizere yakuda 7 kapena 8.

Nsomba imeneyi ndi yapaulendo. M'miyezi ya April ndi May ikwera mitsinje kukaikira mazira, makamaka mtsinje wa Hudson ndi mitsinje yothira m'Chesapeake Bay. Kukafunda ipita kumpoto, ku Massachusetts ndi ku Maine. Cisanu cikayandikira ibwereranso kumwera, irikutsata tinsomba tamafuta dzina lace menhaden, nipitira pa Montauk, pa nsonga ya cisumbu ca Long Island.

Tsono anthu a nchito a mu mzinda wa New York asonkherana ndalama, nayenda mamailosi oposa 100 kukalemba bwato la injini pamodzi ndi kapitao wace kwa tsiku limodzi. Kapitaoyo ayenera kukhala ndi cilolezo ca Boma, ndipo m'mabwato ang'ono satenga alendo oposa 6. Anyamuka mbandakuca, atabvala malaya ocindikala. Madzi a nyanja yamcere akwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo kapitao adziwa kuti nsombazi zikonda kudya pamene madzi alikuthamanga pa miyala. Ayang'ananso kumwamba: pomwe mbalame zambiri zirikugwera m'madzi, pamenepo nsomba zazikuru zapanikiza tinsomba kucokera pansi. Ayandikiza bwato pang'onopang'ono kuti phokoso la injini lisazibalalitse, nauza alendo ace kuti aponye mbedza.

Nsomba ya mapaundi 30 ikagwira nyambo, ndodo ipindika ngati uta, ndipo munthu atuluka thukuta ngakhale kuli cisanu. Koma ikafika pa bwato, kapitao atenga coyesera. M'caka ca 2023 anaika lamulo lakuti wowedza m'nyanjayo atenge nsomba imodzi yokha pa tsiku, ya utali wa pakati pa mainchi 28 ndi 31. Ikaposa pamenepo, kapitao aicotsa mbedza msanga, aigwira m'madzi kufikira mphamvu zace zitabwerera, naileka kuti ipite. Mlendo amene walipira ndalama zambiri aona nsomba yaikuru koposa zonse zimene anagwirapo irikumira, iye ali cimanjamanja.

Kodi kapitaoyo alibe cifundo? Iai, koma akumbukira zimene zinacitika. Pafupifupi nsomba zonse zazikuru za mtundu umenewu ndi zazikazi. Zitha kukhala moyo zaka 30, ndipo imodzi yaikuru iikira mazira mamiliyoni pa caka. Kale anthu anali kugwira kopanda malire, ndi mbedza ndi makoka omwe, ndipo madzi a m'mitsinje anaipitsidwanso, kotero kuti pofika caka ca 1980 nsombazi zinacepa kwambiri. Mabwato anakhala pa gombe, ndipo asodzi ambiri anasowa nchito. M'caka ca 1984 nyumba ya malamulo ya America inapanga lamulo loteteza nsombazi, ndipo m'caka ca 1985 boma la Maryland linaletsa kuzigwira konse. Linatsegulanso m'caka ca 1990. Kupirirako kunabala zipatso, pakuti m'caka ca 1995 akatswiri analengeza kuti nsomba zacurukanso. M'caka ca 2011 munthu wina dzina lace Greg Myerson anagwira ya mapaundi pafupifupi 82 ku Connecticut.

Koma anthu akakhuta aiwala njala. Pofika caka ca 2019 akatswiri anapezanso kuti nsomba zazikazi zacepa cifukwa ca kugwira kopitirira muyeso, ndipo nciye cifukwa cace malamulo anaumanso. Ngakhale mwa nsomba zobwezedwa m'madzi, awerengera kuti 9 mwa 100 ziri zonse zimafa ndi mabala kapena kutopa. Cotero kapitao wosamala sataya nthawi nayo nsomba pa mtunda, ndipo powedza ndi nyambo agwiritsa nchito mbedza zopindikira m'kati, zimene zikola pa mlomo osati m'mimba.

Madzulo bwato libwerera ku doko, nyali ya pa nsanja ya Montauk irikuwala. Kapena m'bokosi muli nsomba ziwiri cabe, koma kapitao sacita manyazi. Adziwa kuti cakudya ca ana ace ca caka camawa ciri m'mimba mwa nsomba ija anaibweza m'mawa. Mlimi wanzeru, ngakhale njala ikule motani, sakazinga mbeu zace.