MPHAMVU ZOBISIKA M'NSIMA, M'NJINGA NDI M'MBAULA

Anthu ambiri akamva mau akuti mphamvu aganiza za mwamuna wosenza yekha thumba la cimanga. Koma akatswiri a sayansi achula mauwa ponena za ciri conse cokhoza kusuntha cinthu, kucitenthetsa kapena kuciwalitsa. Ndipo anapeza lamulo lalikuru lakuti mphamvu siilengedwa ndi munthu, siionongekanso, koma imangosintha maonekedwe ace.

Lamuloli lioneka bwino pa munthu wopalasa njinga kunka ku nchito ya usiku. M'nsima imene wadya muli mphamvu yosungika, imene cimanga cinalandira ku dzuwa cikali m'munda. Miyendo yace iisandutsa liwiro. Pokwera citunda thukuta liri kamukamu, koma kubvutikako sikupita pacabe, pakuti mphamvuyo yasungika m'kukwerako, ndipo potsika njinga ithamanga yokha. Kukada iye agunditsa dainamo ku tayala, nyali niyaka, ndipo pomwepo amva kuti njinga yalemera pang'ono. Kulemerako ndiwo mtengo wa kuwala. Akagwira mabuleki liwiro lonse lisanduka kutentha. Wokayika akhudze mkombero wa gudumu patsinde pa citunda.

M'batire namonso mphamvu ikhala yogona m'mankhwala. Wailesi yochipa ija ya Saucepan Special, imene inafika m'nyumba zambiri kuyambira 1949, inali kusandutsa mankhwalawo magetsi, ndi magetsiwo mau ocokera ku Lusaka.

Nanga magetsi a m'migodi? Kale migodi inadalira malasha amwala obwera pa sitima kucokera ku Wankie, kumene lero kuchedwa Hwange, ndipo malashawo ataperewera anthu anagwetsa mitengo yosawerengeka kuti moto usazime. M'caka ca 1959 linatha khoma la Kariba, lotalika mamita 128. Dzuwa likweza madzi kumitambo, mvula nigwa kumtunda kwa Zambezi, khoma niliimitsa madziwo pamwamba monga njinga iri pacitunda. Akawatsegulira njira agwa mwaukali nazunguza makina onga dainamo, koma akuru ngati nyumba. Magetsi ace ayenda pa mawaya kufikira ku Kitwe, kumene akweza cikepe, apopa madzi m'mgodi, nakankhira mpweya kwa amuna ali pansi. Motero moyo wa munthu wa m'mgodi umangika ku mvula imene iye sanaione. Izi zinaoneka poyera m'cilala ca 2024, pamene nyanja ya Kariba inaphwera ndipo nyumba za m'matauni zinakhala mumdima maola ambiri tsiku ndi tsiku.

Magetsi akasowa, amai atembenukira ku mbaula, ndipo apa mpamene mphamvu itayika koposa. Pootcha makala m'uvuni wa dothi, mphamvu yoposa theka ya mtengo ithawa ndi utsi makalawo asanafike ku msika. Yotsalayonso yambiri ituruka m'zibowo za mbaula niwotha mphepo, yolowa mumphika niikhala yocepa. Mai wobvundikira mphika, wonyika nyemba m'madzi usiku ndi wochinjiriza mbaula ku mphepo, thumba lace la makala likhalitsa kuposa la mnzace.

Koma pali coopsa cimene ciyenera kunenedwa mosabisa. Makala afuna mpweya wokwanira kuti apse bwino. Mpweya ukacepa aturutsa mpweya wina waululu, wopanda pfungo kapena maonekedwe, umene ulowa m'mwazi nuuletsa kunyamula mpweya wa moyo. M'miyezi yozizira ya June ndi July anthu ena alowetsa mbaula m'cipinda, natseka citseko ndi mazenera, nagona. Mutu uyamba kuwawa, thupi lilefuka, ndipo wogona sadzuka kuti athawe. Wopeza anthu otero atsegule zitseko msanga, awaturutsire pabwalo, nathamange nao ku cipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka.