Kulondoloza Nthenda ya Mpox: Ntchito Yoyambira Pakhomo Kukafika ku Labotale

Iyi ndi nkhani imene mkulu woyang'anira ntchito zaumoyo m'boma lino adakamba pamaso pa mafumu, makhansala ndi mamembala a makomiti a chitukuko a m'madera. Yasindikizidwa m'kalata ino monga momwe idakambidwira, kuti anthu a m'mawodi onse aidziwe.



Misonkhano ya chitukuko kawirikawiri imakamba za milatho, mijigo, misewu ndi midadada ya sukulu. Lero ofesi ya zaumoyo yapempha mpata kuti ikambe za nthenda imodzi, yomwe dzina lake ndi mpox. Nthendayi idalowa kale m'dziko muno. Kufala kwake kapena kuima kwake kumadalira kwambiri zimene zimachitika pakhonde la nyumba, tsiku limene munthu waona zidzolo zachilendo pathupi la mbale wake n'kusankha kunena kapena kukhala chete.

Kumene nthendayi idachokera

Mpox ndi nthenda ya m'banja limodzi ndi nthomba. Agogo amene ali ndi chipsera cha katemera paphewa akuikumbukira nthomba ndi maliro amene inkadzetsa. M'chaka cha 1980 zidalengezedwa kuti nthomba yatheratu padziko lonse, ndipo katemera wake adaleka kuperekedwa. Katemera yemweyo ankatetezanso anthu ku mpox. Choncho onse obadwa pambuyo pa nthawi imeneyo, omwe ndi anthu ambiri a m'Malawi lero, adakula opanda chitetezo chimenechi.

Kachilombo koyambitsa mpox kadapezeka koyamba m'chaka cha 1958, mwa anyani amene ankasungidwa pa malo ochitira kafukufuku mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Apa ndi pamene padachokera dzina lakale loti monkeypox, ngakhale akatswiri amaganiza kuti nyama zimene zimasunga kachilomboka m'nkhalango ndi zing'onozing'ono, monga agologolo ndi makoswe. Munthu woyamba kupezeka ndi nthendayi adali mwana wamwamuna wa miyezi 9, m'dziko la Congo, m'chaka cha 1970. Kwa zaka zambiri nthendayi inkadziwika ngati ya m'midzi yoyandikana ndi nkhalango za pakati ndi kumadzulo kwa Africa.

Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 2017 pamene nthendayi idabukanso ku Nigeria patadutsa zaka pafupifupi 40 isanaonekeko. M'chaka cha 2022 idafalikira m'mayiko oposa 100, ambiri mwa iwo mayiko amene adali asanaionepo. Pa 23 Julaye 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti mpox ndi vuto ladzidzidzi lokhudza mayiko onse, ndipo lidachotsa chilengezocho mu Meyi 2023. Mu Novembala 2022 bungwe lomwelo lidasintha dzina la nthendayi kukhala mpox, poona kuti dzina lakale linkagwiritsidwa ntchito ponyoza anthu.

Chakumapeto kwa 2023, m'tauni ya migodi ya Kamituga m'chigawo cha South Kivu, kummawa kwa Congo, mudabuka mtundu watsopano wa kachilomboka umene akatswiri adautcha clade Ib. Mtunduwu udayenda ndi anthu, kutsata misewu ya malonda, mpaka udafika ku Burundi, Rwanda, Uganda ndi Kenya m'chaka cha 2024. Pa 13 Ogasiti 2024 bungwe la Africa CDC lidalengeza kuti nthendayi ndi chiopsezo ku Africa yense, ndipo tsiku lotsatira WHO idalengezanso kachiwiri za vuto ladzidzidzi. Zambia idapeza wodwala woyamba mu Okutobala 2024, Tanzania mu Malichi 2025. Mu Epulo 2025 Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti odwala oyamba apezeka ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake nthendayi idapezekanso m'maboma ena.

Mu Sepitembala 2025 WHO idachotsa chilengezo chake chachiwiri poona kuti chiwerengero cha odwala chatsika m'mayiko amene adakhudzidwa kwambiri. Ena atamva zimenezi adaganiza kuti nthenda yatha. Kachilomboka kakadalipo, ndipo ntchito yokalondoloza tsopano yagona kwambiri pa mayiko eni ake, pa maboma, ndi pa midzi.

Mmene imaonekera ndi mmene imafalira

Zizindikiro zimatha kuoneka nthawi iliyonse mkati mwa masiku 21 kuchokera tsiku limene munthu watenga kachilomboka. Ambiri amayamba ndi kutentha thupi, kupweteka kwa mutu ndi msana, kuphwanya m'thupi ndi kufooka, zomwe zimafanana ndi malungo. Chizindikiro chimodzi chothandiza kusiyanitsa ndi kutupa kwa anabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Kenako pamatuluka zidzolo zimene zimasanduka matuza a madzi, pambuyo pake a mafinya, mpaka kuuma n'kukhala nkhanambo. Zimatuluka kumaso, m'manja, kumapazi, m'kamwa ndi kumalo obisika. Wina amakhala ndi zilonda zambirimbiri, wina chimodzi kapena ziwiri zokha. Kudwala konse kumatenga masabata awiri mpaka anayi.

Ndi maso okha, mpox ikhoza kusokonezedwa ndi katsabola, chikuku, mphere kapena matenda ena opatsirana pogonana. N'chifukwa chake wachipatala sanganene motsimikiza popanda kuyeza.

Nthendayi imafala pokhudzana khungu ndi khungu ndi munthu wa zilonda, makamaka pogonana, pogona mphasa imodzi, kapena posamalira wodwala popanda chodzitetezera. Imafalanso kudzera m'zovala, zitenje, mabulangete ndi matawulo a wodwala, komanso pokhala nthawi yaitali moyandikana nkhope ndi wodwala. Mayi woyembekezera akhoza kupatsira mwana amene ali m'mimba. Wodwala amatha kupatsira ena kufikira nkhanambo zonse zitagwa ndipo khungu latsopano lamera.

Ambiri amachira. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, makamaka omwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV kapena adalekeza panjira. Uwu ndi mwayi wokumbutsa aliyense amene adasiya mankhwalawa kuti abwerere kuchipatala.

Kulondoloza nthenda n'kutani?

Ntchitoyi ili ngati unyolo wa mphete zisanu, ndipo mphete imodzi ikaduka unyolo wonse umatha ntchito.

Mphete yoyamba ndi uthenga. Munthu akaoneka ndi zizindikiro zatchulidwazi, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena chipatala chapafupi chiyenera kumva tsiku lomwelo. Amene ali kutali akhoza kuimba nambala yaulere ya 929 ya Chipatala cha pa Foni. Palibe amene amaimbidwa mlandu chifukwa chonena za nthenda imene pambuyo pake yapezeka kuti idali katsabola chabe.

Mphete yachiwiri ndi kuyeza. Wachipatala amapukuta pachilonda ndi kathonje, n'kukatsekera m'kabotolo, n'kutumiza ku labotale kumene amayeza ngati muli kachilombo ka mpox. Ntchito yolondoloza miliri m'dziko muno imatsogoleredwa ndi Public Health Institute of Malawi, nthambi ya Unduna wa Zaumoyo yomwe ili ku Lilongwe.

Mphete yachitatu ndi kupatula wodwala. Sadikira zotsatira kuti ayambe kukhala payekha. Wodwala kwambiri amagonekedwa kuchipatala. Amene sizidamufike poipa akhoza kuloledwa kukhala kunyumba, m'chipinda chakechake, ndi mbale, kapu, zofunda ndi sopo zakezake.

Mphete yachinayi, yomwe ndi yovuta kuposa zonse, ndi kupeza onse amene adakhudzana ndi wodwalayo. Mwachitsanzo, bambo wochita malonda wabwera kuchokera kuulendo, ndipo patapita sabata watuluka zilonda. Alangizi adzafuna kudziwa amene amagona naye chipinda chimodzi, amene adachapa zovala zake, ana amene adawanyamula, malo ogona alendo amene adagonako panjira, ndi aliyense amene adagonana naye. Aliyense wa anthu amenewa amalembedwa m'kaundula ndipo amayenderedwa kapena kuimbiridwa foni kwa masiku 21, chifukwa imeneyi ndiyo nthawi yaitali kwambiri imene kachilomboka kangabisale m'thupi. Mmodzi akatentha thupi pa tsiku lakhumi, amapatulidwa msanga asanapatsire ena, ndipo nthenda imathera pomwepo. Bamboyo akabisa dzina limodzi chifukwa cha manyazi, munthu ameneyo adzadwalira kwina osadziwika, ndipo pakatha mwezi nthenda idzatulukira m'mudzi wina popanda wodziwa kumene yachokera.

Mphete yachisanu ndi malipoti. Sabata iliyonse zipatala zimatumiza ziwerengero ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo ofesiyo imazitumiza ku likulu. Ngakhale chipatala chimene sichidaone wodwala ndi mmodzi yemwe chiyenera kulemba kuti palibe, pakuti kukhala chete sikusonyeza ngati kulibe nthenda kapena kulibe woiyang'ana. Malipotiwa ndi amene amaonetsa kumene nthenda ikulowera, ndi kumene magolovesi, mankhwala ndi katemera ayenera kupita.

Dziko lino lidaphunzira mopweteka pa mliri wa kolera umene udayambira ku Machinga mu Malichi 2022. Udafika m'maboma onse ndipo udapha anthu oposa 1,700. Ambiri mwa iwo adafika kuchipatala mochedwa. Mpox si yakupha msanga ngati kolera, komabe phunziro ndi lomwelo: tsiku lililonse lochedwa kunena limaonjezera mayina m'kaundula.

Manyazi, chisamaliro ndi katemera

Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Popeza zilonda za mpox nthawi zina zimatuluka kumalo obisika, ambiri amaopa kuti anthu adzawanena kuti ndi oyendayenda. Zoona zake n'zakuti nthendayi imagwira khanda, namwino, mayi wochapa zovala za mwamuna wake, ndi mwana wa sukulu wogona bedi limodzi ndi mnzake. Ogwira ntchito zaumoyo ali ndi lamulo losunga chinsinsi cha wodwala, ndipo dzina la wodwala siliyenera kumveka pamsonkhano, pamjigo kapena pa WhatsApp. Mudzi umene umasala wodwala mmodzi umaphunzitsa odwala khumi otsatira kubisala.

Chithandizo cha mpox ndi chochepetsa ululu ndi kutentha thupi, kusamalira zilonda kuti zisalowe tizilombo tina, ndi kuonetsetsa kuti wodwala akudya ndi kumwa mokwanira. Matuza asaphulitsidwe, asakandidwe, asatemedwe mphini, ndipo asapakidwe phulusa kapena mankhwala osadziwika. Wosamalira wodwala akhale mmodzi, ndipo asakhale mayi woyembekezera. Avale magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno, asambe m'manja ndi sopo kawirikawiri. Zofunda za wodwala zisakutumulidwe; zichapidwe pazokha ndi sopo ndi madzi otentha. Wodwala akayamba kulephera kumeza, kupuma movutika, kapena zilonda zikafika m'maso, apite naye kuchipatala popanda kuchedwa.

Katemera alipo. Wodziwika kwambiri ndi MVA-BN, amene WHO idamuvomereza mu Sepitembala 2024. Popeza ndi wochepa, saperekedwa kwa aliyense monga katemera wa poliyo. Amayamba ndi ogwira ntchito zaumoyo, anthu amene akhudzana ndi wodwala, ndi magulu ena amene ali pa chiopsezo chachikulu. Kwa amene wakhudzana ndi wodwala, katemerayu amathandiza bwino akaperekedwa mkati mwa masiku anayi. Apanso zikuoneka chifukwa chake kaundula wolondola ndi wofunika: amene dzina lake silidalembedwe sangapezeke kuti atetezedwe.

Zimene Khonsolo ikupempha

Mafumu akupemphedwa kuti nkhaniyi ilengezedwe pa misonkhano ya m'midzi, ndiponso kuti alangizi a zaumoyo akafika kudzafunsa mayina alandiridwe. Pakagwa maliro a munthu amene adali ndi zilonda zokayikitsa, adzukulu asasambitse mtembo achipatala asanapereke malangizo.

Asing'anga ndi atsogoleri a mapemphero, kwa amene odwala ambiri amayambira, akupemphedwa kuti akaona matuza otere asawakhudze, koma atumize munthuyo kuchipatala. Aphunzitsi aakulu, makamaka a sukulu zogonera komweko, anene msanga akaona ana angapo atuluka zidzolo nthawi imodzi. Eni malo ogona alendo asinthe ndi kuchapa zofunda mlendo aliyense akachoka.

Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ali ndi gawo lapadera. Munthu amene wauzidwa kukhala m'nyumba masabata atatu kapena anayi sangapite kuganyu, kudimba kapena kumsika. Ngati palibe womutungira madzi, womupezera nkhuni ndi womupatsa ufa, njala idzamutulutsa asanachire, ndipo ntchito yonse ya alangizi idzapita pachabe. Komiti iliyonse ikambirane lero, nthenda isanafike, za mmene idzathandizire banja lotere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Makhansala, pokambirana ndondomeko ya chuma cha Khonsolo, akumbukire kuti kabotolo ka kathonje kamafika ku labotale pa njinga yamoto, ndipo njingayo imayendera mafuta. Mlangizi woyendera anthu 15 tsiku ndi tsiku kwa masiku 21 amafunika njinga yakapalasa yabwino, mayunitsi a foni ndi magolovesi. Izi ndi ndalama zochepa poziyerekeza ndi mtengo wosamalira wodi yodzaza ndi odwala.

Wolemekezeka Wapampando, mafumu, amayi ndi abambo, ofesi ya zaumoyo ikupempha kuti khansala aliyense akabwerera kuwodi kwake akakumane ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lake, ndipo aonetsetse kuti nyakwawa iliyonse ikudziwa dzina la mlangizi woti imuuze ikamva za zidzolo zachilendo m'mudzi mwake.