Tithandizeni Kusasula Denga

(Awa ndi mawu amene adayankhula mayi wina wa m'gulu la makolo a ana aulumali m'boma lathu lino, pamwambo wokumbukira tsiku la anthu aulumali la pa 3 Disembala. Tawasindikiza monga momwe adawayankhulira.)



Makolo anzanga adandituma kuti ndiwayankhulire. Adandiuza kuti ndinene za chikhulupiriro ndi kupirira, popeza izi ndizo nkhuni zimene timasonkhezera moto tsiku ndi tsiku m'makomo mwathu. Ine si mlaliki ndipo sukulu ndidalekezera fomu 2. Chimene ndili nacho ndi zaka 13 zolera mwana amene sayenda, sadzidyetsa yekha ndipo mawu ake amamveka kwa ife apabanja pokha. Ndiyankhula monga Mkhristu chifukwa ndi njira imene ndikuidziwa, koma m'gulu mwathu muli amayi achisilamu amene tasenza nawo katundu yemweyu, ndipo zambiri zimene ndinene n'zawonso.

Mwana wanga ndi wachitatu kubadwa. Matenda adandiyamba usiku nyengo ya dzinja, mtsinje utadzaza, ndipo pamene tinkafika kuchipatala dzuwa linali litakwera. Atabadwa sadalire msanga. Titatuluka, onse ankati mwana ali bwino. Koma pofika miyezi 6 khosi lake linali lisanalimbe, manja anali ofumbata nthawi zonse, ndipo poyamwa ankatsamwa. Kusikelo ana anzake ankakhala pansi n'kumakwawa, wanga ali gone pamiyendo panga. Adokotala adadzandiuza pambuyo pake kuti vuto lake ndi cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa ubongo udavulala mwana ali wakhanda. Adati zimachitika mwana akasowa mpweya pobadwa, akabadwa masiku asanakwane, akadwala chikasu chachikulu m'masiku oyamba, kapena akagwidwa ndi malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi. Adandiuzanso mawu awiri amene ndimawasunga mpaka lero: vutoli silipatsirana, ndipo bala la muubongolo silikulirakulira. Koma ndisanamve zimenezi, ndidamva kaye zina zambiri.

Kumudzi kudali makhoti ambiri opanda woweruza. Ena adati ndidachita chigololo ndili woyembekezera. Ena adati bambo ake adamukhwimira kuti geni yawo ya nsomba iyende bwino. Achibale a kuchimuna adati kumtundu kwawo kulibe zoterezi. Bambo a mwanayu, amene adali mkamwini pamudzi pathu, adalephera kupirira zonenazo ndipo tsiku lina adanyamula chikwama n'kupita. Pachitsime amayi oyembekezera ankatembenuza nkhope ndikafika nditamubereka, poopa kuti akamuyang'ana adzabereka wotero. Ndivomere pamaso panu kuti nanenso ndidamubisa. Kwa chaka chathunthu ndinkamusiya m'nyumba, chitseko chotseka, ine n'kupita kutchalitchi ndekha ngati mayi wa ana awiri.

M'masiku amenewo ndidayenda mwa asing'anga ndi m'mapemphero a usiku. Mbuzi ziwiri zimene adandisiyira malemu mayi anga zidathera komweko. Mlaliki wina adandiuza kuti mwanayo achira pakatha masiku 7 ndikabzala mbewu ya ndalama ndi kutaya mankhwala a khunyu amene ankamwa, pakuti kumwetsa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Ndidataya. Pa tsiku lachisanu mwana adakomoka n'kuyamba kuphupha mosalekeza, ndipo tidathamangira naye kuchipatala pakabaza, ine ndikulira njira yonse. Adapulumuka. Nditabwerera kwa mlaliki uja adati vuto ndi chikhulupiriro changa chochepa. Usiku umenewo sindidapemphere. Ndidamufunsa Mulungu mafunso owawa, ndipo ndidakhala miyezi ingapo osatsegula Baibulo.

Amene adanditsitsimutsa adali gogo wina wa mumpingo mwathu, amene tsopano adatisiya. Sadabwere ndi ulaliki. Adabwera ndi mtolo wa nkhuni, n'kulowa m'nyumba, n'kumunyamula mwanayo, n'kumuitana dzina lake. Munthu woyamba wosakhala wapabanja kumuitana dzina adali iyeyo. Tsiku lina adandiuza kuti ndiwerenge Yohane mutu 9. Mmenemo ophunzira adaona munthu wobadwa wosaona ndipo adafuna kudziwa ngati wolakwa adali iyeyo kapena makolo ake. Ndidadabwa kuona kuti funso limene ankandizunza nalo pachitsime lidafunsidwa kalekale, ndipo Ambuye Yesu adaliyankha pokana mbali zonse ziwiri. Mlandu umene ndidausenza zaka zitatu udali utathetsedwa kale, ine osadziwa.

Kuyambira pamenepo pemphero langa lidasintha. Kale ndinkapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndidzuke m'mawa n'kupeza mwana akuthamanga pabwalo. Sindikunena kuti Mulungu sangathe. Koma ndidazindikira kuti podikira chozizwitsa chimenecho ndinkalephera kuona mwana amene adali pamaso panga. Paulo nayenso adapempha katatu kuti munga umene udali m'thupi mwake uchoke, ndipo sudachoke; adalandira mphamvu zokhalira nawo. Ndidayamba kupempha mphamvu za tsiku limodzi, manja odekha pomudyetsa, ndi anthu oyenda nane.

Mayankho adabwera atavala zovala za anthu wamba. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu adatilembera kalata yopita kumafizo kuchipatala cha boma. Kumeneko adandiphunzitsa kumuongola manja ndi miyendo m'mawa ndi madzulo kuti mfundo zisaume, kumutembenuza pogona kuti asatuluke zilonda, ndi kumudyetsa atakhala tsonga, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo, phala lolimbirako, pang'onopang'ono, kuti chakudya chisalowe m'mapapo. Kale ndinkamudyetsa chogona chagada, osadziwa kuti ndi chimene chinkamudwalitsa chibayo kawirikawiri. Kalipentala wa mumpingo adamukhomera kampando kapangodya komuchirikiza msana. Mankhwala a khunyu tidayambiranso ndipo sitidumphitsa. Ali ndi zaka 5 adakhala tsonga kwa nthawi yoyamba. Ali ndi zaka 7 adagwira sipuni. Ali ndi zaka 8 adanena kuti “amama”. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu amodzi amenewo ndidawadikira zaka 8, ndipo tsiku limenelo tidapha nkhuku.

Bambo ake adabwerera patapita zaka 4, ankhoswe ndi akulu a mpingo atakhala nawo pansi kangapo. Sindibisa kuti kukhululuka kudali kovuta kuposa kulera. Lero ndi iwo amene amamusambitsa, popeza wakula ndipo ayenera kupatsidwa ulemu wa mnyamata. Ndikunena izi chifukwa m'gulu lathu amayi ambiri akulera okha. Abambo amene muli pano, mwana waulumali amadziwa mawu a bambo ake, ndipo amadziwanso pamene mawuwo asiya kumveka pakhomo.

Tsopano ndinene za kupirira, chifukwa mawu amenewa amagwiritsidwa ntchito molakwika. Nthawi zambiri munthu akatiuza kuti “pirirani mayi, Mulungu akudziwa”, amakhala akutsanzika. Wanena mawu abwino, wapita, katundu watsala pomwepo. Pepani sapoletsa chilonda. Kupirira kumene ndaphunzira ine ndiko kudzuka 4 koloko m'mawa kuchapa zofunda, kupita kumunda mochedwa anzako atalima kale mizere khumi, kukana ganyu chifukwa palibe womusiyira mwana, ndi kubwereranso ku ofesi kachitatu utabwezedwa kawiri. Kupirira kotere kuli ndi pakamwa, kumafunsa ndi kupempha. Ngakhale Mwana wa Mulungu, panjira ya ku Gologota, mtanda wake adamunyamulira Simoni wa ku Kurene. Ngati Iye adalandira thandizo, ine ndine yani kuti ndizinamizira kuti ndingathe ndekha?

Pali masiku amene ndimatopa mpaka kukwiya. Pali usiku umene ndimalira mwakachetechete kuti ana asamve. Makolo anzanga, zimenezi si tchimo ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Tchimo ndi kumutsekera mwana m'nyumba, kumumanga chingwe, kapena kumumana chakudya. Mukafika potopa, gogodani kwa mnzanu. Gulu lathu lidayamba motero, amayi asanu pansi pa mtengo wa mango, ndipo lero tili ndi banki m'khonde ndiponso timasinthana kusamalira ana kuti wina apite kumsika kapena kumaliro.

Mu Marko mutu 2 muli nkhani ya munthu wofa ziwalo amene adanyamulidwa ndi anzake anayi. Atafika panyumba pamene padali Yesu adapeza khomo litadzaza anthu. Sadabwerere. Adakwera pamwamba, n'kusasula denga, n'kumutsitsira mkati. Mlembi akutiuza kuti Yesu adaona chikhulupiriro cha onyamulawo. Chikhulupiriro chawo chidaoneka m'mapewa ndi m'manja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi mmodzi sangagwire ngodya zinayi za mphasa. Ife makolo tagwira ngodya imodzi. Zitatu zotsalazo ndi za mpingo, mafumu ndi khonsolo.

Kwa atsogoleri a mipingo, tikupempha kuti ana athu alowe m'nyumba ya Mulungu. Mwana wanga akasangalala ndi nyimbo amakuwa, ndipo kangapo ndidapemphedwa kuti ndituluke naye. Kukuwako ndiko kuimba kwake. Pomanga matchalitchi ikani njira yoti njinga ya olumala ikwere. Phunzitsani poyera kuti ulumali si temberero, ndipo dzudzulani aliyense wouza kholo kuti litaye mankhwala. Mfumu Davide adaitanitsa Mefiboseti, mwana wa Yonatani, amene adalumala miyendo atagwa ali ndi zaka 5, n'kumupatsa malo patebulo lake masiku onse. Ife sitikupempha tebulo la mfumu, tikupempha malo pabenchi.

Kwa mafumu athu, inu ndi amene mumadziwa khomo lililonse. Mukudziwa nyumba zimene muli ana obisidwa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ngati m'kaundula wa mudzi wanu mulibe ngakhale mmodzi, ndiye kuti alipo amene sadalembedwe. Tithandizeni kuwatulutsa, alembetsedwe ziphaso zobadwira, apite kusikelo ndi kusukulu. Pamilandu yonenerana ufiti, tetezani mayi ndi mwana. Posankha makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, musaiwale munthu waulumali kapena kholo lake.

Kwa khonsolo, malamulo alipo kale. Dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, ndipo mu 2024 padabwera lamulo latsopano limene lidabweretsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994. Koma ulere umenewu umathera pamasitepe a kalasi ndi pakhomo la chimbudzi chopapatiza. Mwana wanga adayamba sukulu ali ndi zaka 9. Ndimamubereka makilomita atatu, kuwoloka mtsinje womwe uja umene udatichedwetsa tsiku lobadwa iye. Njinga tidalandira, koma pamchenga ndi pamiyala siyenda. Tsopano akulemera ngati thumba la chimanga losadzaza, ndipo msana wanga wayamba kukana. Dzinja likafika amajomba masabata athunthu.

Choncho zopempha zathu ndi izi. Mdadada uliwonse wa sukulu, chipatala kapena msika umene khonsolo ikuvomereza ukhale ndi njira ya njinga ndi chimbudzi chotakasuka. N'zotsika mtengo kuziika pomanga kusiyana ndi kudzaphwanya pambuyo. Tipempherereni aphunzitsi ambiri a maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu, kuti mphunzitsi mmodzi asamayendere sukulu zambirimbiri yekha. Mankhwala a khunyu asamasowe m'zipatala zing'onozing'ono, pakuti kudumphitsa masiku ochepa kungathe kupha mwana. A mafizo azifika m'madera ngakhale kamodzi pamwezi, chifukwa ulendo wa kuboma umadya ndalama ya chakudya cha sabata. Polemba maina a Mtukula Pakhomo, kumbukirani kuti khomo limene mayi sangachoke kukagwira ganyu ndi khomo lopanda manja ogwira ntchito. Ndipo mu ndondomeko ya chitukuko ya chaka chikubwerachi, tiikireni kamlatho. Kadzathandiza mwana wanga, kadzathandizanso mayi woyembekezera amene matenda adzamuyambe usiku wa mvula, kuti mwana wake adzalire pa nthawi yake.

Pali funso limodzi limene kholo lililonse la m'gulu lathu limagona nalo: ndikadzafa, adzamusamala ndani? Ndalipereka kwa Mulungu kambirimbiri. Ndikhulupirira kuti yankho lake lili mwa anthu amene mwakhala pano lero. Makolo athu adati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Malungo amodzi, ngozi imodzi ya pamsewu, kapena ukalamba wokha, zingaike aliyense wa ife pamphasa ija. Zimene timangire ana awa lero tikudzimangira tokha.

Mwana wanga ali pano, wakhala kutsogoloku ndi bambo ake. Mwambo ukatha musangomudutsa. Mupatseni moni, mufunseni dzina, ndipo dikirani pang'ono, chifukwa amayankha mochedwa koma amayankha.

Mulungu adalitse boma lathu ndi ana ake onse.