Malinga a Makolo Athu pa Chisi ndi pa Chikala



M'dziko la Scotland, kumene kunachokera aphunzitsi oyamba a Blantyre ndi Domasi, mafuko a kumapiri anamanga malinga amiyala pakuopana okhaokha. Makolo athu kuno analibe malinga otere. Linga lao linali phiri ndi madzi.

Pamene Livingstone anaona nyanja ya Chilwa mu 1859, nkhondo za akapolo zinali pakhomo. Zitapita zaka zowerengeka, mafumu a Ayao anakhazikika pa mapiri, Malemia ku Zomba, Kawinga pa Chikala. Ndipo mu 1884 Angoni a Chikuse anaoloka Shire, natentha midzi, nagwira anthu. M'masiku oipawo ambiri anasiya minda ndi nkhokwe zao, nalowa m'mabwato, nathawira ku chilumba cha Chisi, pakuti mkondo suoloka nyanja popanda bwato. Anapulumutsa moyo, koma manda a makolo ao anatsala kutsidya.

Mu 1895 asilikali a boma la Angelezi anagonjetsa Kawinga pa Chikala; ndipo pang'onopang'ono anthu anatsika m'mapiri, nalimanso m'chigwa.

Lero zidzukulu za othawa ndi za owapirikitsa zikhala pa mphasa imodzi, zikwatirana, zivuula matemba pamodzi. Tsono inu anyamata ndi asungwana, pakuona Chikala kumpotoko, kumbukirani kuti mtendere umenewu ngwa dzulodzulo. Munthu akadza kudzakuwerengerani mtundu wa mnansi wanu, mumkanize, kuti ana anu angafunenso linga.