Mkangano wa ku London: Kukongola kwa Mzinda ndi Pogona pa Anthu



Nkhani ya lero ndi ya mzinda wakutali, mzinda wa London ku Mangalande, koma muli mfundo zimene munthu aliyense wosenza udindo wokonza malo okhala anthu ayenera kuzisinkhasinkha mofatsa. Kumeneko kuli mkangano umene watha zaka pafupifupi 90 usanazilale. Mbali imodzi kuli anthu amene akuti tchalitchi chachikulu cha St Paul's chiyenera kuoneka poyera kuchokera m'zitunda ndi m'mapaki ozungulira mzindawo, ndipo pasamangidwe nyumba yaitali yochitchinga. Mbali ina kuli amene akuti kukongola kwa mzinda sikufunditsa munthu usiku. Anthu akusowa pogona, malo ndi ochepa, ndipo njira yotsala ndi yomanga molunjika kumwamba.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkoyenera kuyamba ndi tchalitchicho. M'mwezi wa September chaka cha 1666 moto woopsa unapsereza mbali yaikulu ya London, ndipo tchalitchi chakale cha St Paul's chinapsa nawo. Katswiri wa zomangamanga, Christopher Wren, ndiye anapatsidwa ntchito yomanga china, ndipo ntchitoyo, imene inayamba mu 1675, inafika kumapeto m'chaka cha 1710. Denga lake ndi lozungulira ngati mphika waukulu wovundikira, ndipo kuchokera pansi kukafika pa mtanda wa pamwamba pali mafiti 365, amene ndi mamita 111. Kwa zaka zoposa 250 munalibe nyumba ina mu London yochiposa msinkhu. Usiku wa pa 29 December 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege za Hitler zinathira mabomba a moto pa mzindawo, nyumba zoyandikana ndi tchalitchicho nkusanduka phulusa. Nyuzipepala ya Daily Mail inasindikiza chithunzi chosonyeza dengalo lili chilili pakati pa utsi wa bii, ndipo chithunzi chimenecho chinalimbitsa mitima ya Angerezi pa nthawi imene ambiri anali atataya mtima. Choncho amene amateteza denga limeneli asatengedwe ngati anthu ongokonda miyala. Iwo akuteteza chizindikiro cha kupirira kwa mtundu wawo, ndipo munthu wodziwa mtengo wa ufulu sangawaseke.

Chitetezo cha maonekedwe a tchalitchichi chinayamba nkhondoyo isanabuke. Mu 1933 inatsegulidwa nyumba ya matelefoni yotchedwa Faraday Building, pakati pa tchalitchicho ndi mtsinje wa Thames, ndipo inatchinga mbali ina ya tchalitchi kwa oyang'ana kuchokera kumtsinje. Ogwira ntchito m'Boma amvetse bwino apa: nyumbayo inali ya Positi Ofesi, ndipo popeza inali ya Boma, malamulo a msinkhu wa nyumba amene ankamanga anthu ena onse sanaikhudze. Mmodzi mwa oyamba kuononga linali Boma lenilenilo. Anthu atadandaula, mkulu woyang'anira nyumba ya tchalitchicho, W. Godfrey Allen, anajambula mapu osonyeza msinkhu umene nyumba iliyonse ya m'dera loyandikana nalo siyenera kupitirira, ndipo kuyambira mu 1938 akuluakulu a mzinda anayamba kutsatira mapuwo. Poyamba chinali chimvano chabe cha pakati pa anthu olemekezana, koma patapita zaka chinalowa m'ndondomeko zolembedwa.

M'mene chitetezochi chimagwirira ntchito ndi motere. Akatswiri amasankha malo amodzi oimirirapo munthu, monga pamwamba pa chitunda cha Parliament Hill, Primrose Hill kapena m'paki ya Greenwich. Kuchokera pamenepo amalemba pa mapu mizere iwiri yolunjika ku denga la tchalitchi, ndipo pakati pa mizereyo pamakhala ngati kanjira ka mumlengalenga kamene nyumba iliyonse siloledwa kulowamo. Ndondomeko imene inasindikizidwa mu 2012, Boris Johnson ali mfumu ya mzindawo, inali ndi tinjira totere 13. Tisanu ndi titatu tinali tolunjika ku St Paul's, tinayi ku Nyumba ya Malamulo ya Westminster, ndipo kamodzi ku Tower of London. Mphamvu ya mizereyi imaoneka ndi maso. Nyumba ya maofesi ya Leadenhall Building, imene inatha mu 2014 ndipo ndi yaitali mamita 225, anaimanga yopendekera mbali imodzi, yopyapyala kumwamba, ndi cholinga choti munthu woyenda mu msewu wa Fleet Street aone denga la tchalitchi popanda chomuphimba kumbuyo kwake.

Kanjira kotalika koposa tonse ndi kochokera pa kachulu kotchedwa King Henry's Mound, m'paki ya Richmond, mtunda wa mamailosi 10 kuchokera pa tchalitchi. Munthu akaima pamenepo amasuzumira pa mpata umene unadulidwa mu mpanda wa mitengo, ndipo kutali kwambiri amaona kadenga kakang'ono kali kokha mumlengalenga. Kumapeto kwa chaka cha 2016 anthu anadzidzimuka ataona chinyumba chikutuluka kumbuyo kwa dengalo. Chinali cha Manhattan Loft Gardens, chosanjikizana ka 42, chimene chinkamangidwa ku Stratford, kum'mawa kwa mzinda, pafupi ndi mabwalo a masewero a Olimpiki a mu 2012. Bungwe la Friends of Richmond Park linakuwa kwambiri, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Amene analemba ndondomeko ija sanaganize kuti nyumba ya kutali choncho ingadzatalike mpaka kuonekera kumbuyo kwa tchalitchi, ndiye dera la Stratford silinali m'kati mwa malire otetezedwa. Omangawo sanaphwanye lamulo lililonse. Analakwa ndi olemba lamulo amene anayeza za lero lokha.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi yafika pa fupa. Richmond ndi limodzi mwa madera a anthu opeza bwino kwambiri mu London. Stratford ali m'boma la Newham, limodzi mwa madera a anthu osauka, kumene mabanja oposa 30,000 akhala ali pa mndandanda wodikira nyumba za khonsolo. Mu London monse, mzinda wa anthu pafupifupi 9 miliyoni, mabanja odikira nyumba zotere anali oposa 300,000 m'chaka cha 2023, ndipo ana ambirimbiri akukulira m'zipinda zogonamo alendo m'mene khonsolo yaika makolo awo mongoyembekezera. Kodi mayi wa ana atatu amene akuphika, kuchapa ndi kugona m'chipinda chimodzi angauzidwe kuti apirire chifukwa mkulu wina wa ku Richmond akufuna kuona kadenga pa Sabata masana atakhuta? Chipani chimene mizu yake ili mwa anthu wamba sichingayankhe funso limeneli mwachibwibwi. Pogona pa munthu ndi patsogolo.

Komabe asapupulume amene akuganiza kuti mlandu wathera pomwepa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, kodi m'chinyumba cha ku Stratford chija munalowa ndani? Munatsegulidwa hotela ndi nyumba zapamwamba, za lendi imene mayi uja sangaikwanitse ngakhale atagwira ntchito usana ndi usiku. Nyumba ya Leadenhall ndi ya maofesi, simugona munthu. The Shard, imene inatha mu 2012 ndipo ndi yaitali mamita 310, muli maofesi, hotela, malo odyera ndi nyumba zochepa chabe za anthu a chuma chosaneneka. Chifukwa chake si chachilendo. Nyumba ikamatalika, mtengo womangira chipinda chilichonse umakwera: maziko amafunika ozama, zitsulo zochuluka, zikepe zokwezera anthu zingapo, mapampu okweza madzi ndiponso njira zothawira moto. Womanga amene watulutsa ndalama zotere sayang'ana mphunzitsi kapena namwino, amayang'ana wogula wa thumba lolemera, amene nthawi zina sakhalamo nkomwe koma amangosungiramo chuma chake. Apatu dzina la wosauka limatchulidwa kwambiri popempha chilolezo chomangira, koma pa tsiku logawa makiyi silimveka.

Si kuti London sanayesepo kuika anthu wamba m'nyumba zazitali. Nkhondo itatha, makhonsolo anamanga zambiri, ndipo zina zikutumikira anthu bwino kufikira lero. Koma kumene ntchito inagwiridwa mothamanga ndi mosasamala, malipiro ake anali maliro. Pa 16 May 1968, ku Newham komweko, gasi anaphulika m'nyumba ya Ronan Point, yosanjikizana ka 22, ndipo ngodya yonse ya nyumbayo inagumuka, anthu anayi nkufa. Pa 14 June 2017 moto unabuka m'nyumba ya Grenfell Tower, yosanjikizana ka 24, ndipo anthu 72 anataya miyoyo, makamaka chifukwa zipangizo zimene anakutira nazo kunja kwa nyumbayo zinali zogwira moto msanga. Okhalamo anali atadandaula kale za chitetezo chawo koma oyenera kumva sanamve. Mkulu aliyense amene amasaina mapulani kapena kulandira madandaulo a anthu pa desiki lake asaiwale chiwerengero chimenechi.

Gwero lalikulu la kusowa kwa nyumba mu London silili pa mizere ya St Paul's. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa lamulo lolola anthu okhala m'nyumba za khonsolo kuzigula pa mtengo wotsika. Ambiri anagula nasangalala, koma makhonsolo sanapatsidwe mpata womanga zina zolowa m'malo mwa zogulitsidwazo, ndipo nkhokwe ya nyumba za anthu wamba inaphwa chaka ndi chaka. Zambiri mwa nyumba zimenezo zili m'manja mwa anthu ochititsa lendi, ndipo pena khonsolo yomweyo imene inazigulitsa ndiyo ikulipira lendi yokwera kuti isungemo mabanja osowa pokhala. Munthu akagulitsa mbewu yake yonse pa nthawi yokolola asaloze chala mtengo wa pabwalo kuti ndiwo wachititsa mthunzi m'munda.

Mzinda wa Paris ku France unayenda njira ina. Nyumba ya Tour Montparnasse, yaitali mamita 210, itatha mu 1973, anthu anaipidwa nayo kotero kuti mu 1977 kunaikidwa malire akuti nyumba zatsopano zisapitirire mamita 37. Malirewo anawafewetsa mu 2010, koma mu 2023 khonsolo ya mzindawo inawabwezeretsa. Chodabwitsa nchakuti Paris, ndi nyumba zake zambiri zosanjikizana kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, imasunga anthu pafupifupi 20,000 pa sikweya kilomita imodzi, pamene London yense sakwana ngakhale gawo limodzi la magawo atatu a chiwerengero chimenecho. Sikuti ku Paris kulibe mavuto. Lendi ndi yowawa kumenekonso, ndipo osauka ambiri anakankhidwira kunja kwa mzinda. Koma chikuoneka poyera nchakuti misewu yathunthu ya nyumba za msinkhu wapakati, zogundizana bwino, imatha kusunga anthu ambiri kuposa zinyumba zitatu zazitali zozunguliridwa ndi malo oimikapo magalimoto.

Oteteza maonekedwe nawonso ali ndi ngongole yawo. Ngati chitunda chilichonse ndi zenera la munthu wolemera aliyense zikhala ndi kanjira kake ka mumlengalenga, mzinda udzamangika manja ndi miyendo, ndipo ovutika adzakhala omwe aja. Malo oyenera kutetezedwa ndi okhawo amene munthu aliyense angathe kufikapo ndi mapazi ake popanda kulipira, monga Parliament Hill ndi Greenwich, ndipo akhale ochepa, oyezedwa bwino ndi olembedwa momveka. Mu London m'lifupi mwa tinjira tija mwakhala mukusinthasintha: Ken Livingstone anatichepetsa mu 2007, Boris Johnson nkudzatikulitsanso. Kusinthasintha kotere kumapindulira ogula malo mobetcha, amene amadikira kuti mzere ukasuntha pang'ono mtengo wa malo awo ukwere.

Udindo wonse ukubwerera kwa Boma ndi makhonsolo. Iwo ndiwo ayenera kujambula mizere nyumba zisanamangidwe, poganizira msinkhu umene amisiri adzathe kufika zaka 50 zikubwerazo, kuti zisadzachitike za ku Stratford. Iwo ndiwonso ayenera kunena kwa womanga aliyense wopempha kukwera kumwamba kuti ndi zipinda zingati zimene zidzakhale za lendi yotsika, kulemba chiwerengerocho m'chikalata cha chilolezo, ndi kutumiza munthu kukaziwerenga nyumbayo ikatha.