NDOWE ZA NG'OMBE NDI CAKUDYA CA MIZU
Mau a Mlangizi kwa Alimi a Kum'mawa

Mbeu iri yonse ifuna zakudya zitatu zazikuru zocokera m'nthaka: naitrojeni, fosifolasi ndi potashi. Nchito ya fosifolasi ndiyo kukulitsa mizu ndi kukhwimitsa maso a mbeu. Ikasowa, cimanga cacing'ono cipinimbira, masamba ace afiira modera m'mphepete, ndipo zisononkho zituruka zazing'ono, zopindika.

M'thumba la Compound D la makilogalamu 50 muli makilogalamu 10 a fosifeti, koma thumbalo lifuna ndarama. Mlimi wa ng'ombe ali naco cakudya comweci m'khola mwace. Ng'ombe ikadya udzu, pafupi-fupi fosifolasi yense amene ituruka m'thupi apita ndi ndowe. Potashi ndi gawo lalikuru la naitrojeni zipita ndi mkodzo. Cifukwa cace mlimi wanzeru ayala mapesi m'khola, kuti amwe mkodzo ndi kuolerana ndi ndowe.

Komabe mphamvu ya manyowa njocepa. Kawiri-kawiri pafunika manyowa ouma opitirira tani imodzi kuti alingane ndi fosifeti wa thumba limodzi lija, makamaka ngati asakanizika ndi mcenga wa m'khola. Motero nkwabwino kuthira mokwanira pa ndime imodzi caka cino, ndi ndime ina caka ca mawa, kusiyana ndi kumwaza pang'ono-pang'ono munda wonse.

Cinthu cacikuru ndi ici: fosifolasi sayenda m'nthaka. Pamene waikidwa ndi pomwe akhala. Manyowa osiyidwa pamwamba sangafike ku mizu; dzuwa licotsa naitrojeni, ndipo mvula yoyamba iwakokolola kunka nao ku dambo. Tsono atutidwe pa ngolo m'mwezi wa September kapena October, namwazidwe, nakwiriridwe ndi pulao mbeu zisanabzalidwe. Wolima ndi khasu athire m'maenje obzalamo ndi kusakaniza ndi dothi.

Nthaka yofiira ya katondo imanga fosifolasi kotero kuti mbeu zilephera kumutenga. Manyowa acepetsa bvuto limeneli. Ndiponso mphamvu yace siitha caka cimodzi. Nshawa zobzalidwa potsatira cimanga cothiridwa manyowa zidya zotsalazo.

Cimanga cikafika m'maondo cingafunebe fataleza wobereketsa, pakuti naitrojeni wa m'manyowa aturuka pang'ono-pang'ono. Koma cakudya ca mizu ciri m'khola, ndipo nthawi yocituta ndi mvula isanagwe.